Mlongo wanga wabwera ku Joni atasinthiratu, akuti ndi tik. Amene mukuzidziwa ndithandizeni

Nachisale_Salima

Moni nonse. Ndalemba pano chifukwa kunyumba nkhaniyi tikungokangana basi, palibe chomwe tikugwirizana ndipo ine mtima suli m'malo. Ndili ndi mlongo wanga wamng'ono, zaka 26. Anapita ku Cape Town kukasaka maganyu mmene achitira anyamata ambiri kwathu kuno, poyamba zinkayenda ndithu, ankatumiza kangachepe mpaka malata a nyumba ya amayi ku Lifuwu anagula ndi iyeyo. Kenako anangoti zii, foni osayankha, ndalama osatumiza. Wabwera miyezi yapitayi anzake atachita kumusonkherera ya basi.

Anali mnyamata wathupi lake koma pano nthiti zikuchita kuwerengeka, masaya analowa. Mano awiri akutsogolo anabenthuka, ena ada kumizu, mkamwa mukutuluka fungo. Amakukuta mano olo ali maso, nsagwada zimangoyendayenda. M'mikono ndi kumaso ndi zilonda zokhazokha, amangodzikanda ndi kudzitsina ati muli tizilombo tikuyenda mkati mwa khungu, tsiku lina ndinamupeza akudzitokosa ndi singano ati atitulutse. Nkhani ya tulo nde musanene, amatha masiku atatu osagona, usiku onse kumangomasula wailesi ndi mafoni akufa nkumamanganso, kuyankhula kosapumira, nsima osaiyang'ana nkomwe. Kenako amangoti gwa nkugona masiku awiri, akadzuka amamaliza poto yense yekha, ali wolusa osafuna kuyankhulitsidwa. Sabata yatha anatseka mawindo onse ndi mabulangete ati pali anthu amutsatira kuchokera ku Joni, akuwamva akunong'onezana kuseri kwa nyumba. Tinatuluka ndi tochi, kunalibe munthu.

Alamu anga, akazi ake, anapeza mchikwama mwake babu la magetsi lochotsedwa zamkati, lakuda kunsi, kapaipi kakang'ono ndi timapepala tapulasitiki muli timiyala toyera tonyezimira. Kaya anabwera nazo zambiri kaya akuzipeza konkuno, koma nthawi zina amasowa ati wapita ku Lilongwe kukaona dilu, ndipo foni ya alamu ndi njinga ya amalume zinasowa.

Amayi akuti anamulodza anzake omuchitira nsanje, akufuna tipite naye kwa asing'anga. Amalume akuti ndi chamba basi, timumange timutsekere mchipinda mpaka mutu ukhale bwino. Mnzake wina amene anali naye kumeneko anandinong'oneza kuti achemwali imeneyo ndi tik. Nde ndikufunsa, tik yo ndi chani kwenikweni, imaononga chani mthupi? Munthu amabwereranso mwakale? Ndipo tiyambire pati ife tili ku Salima kuno?

Mjoni_wakale

Asisi pepani kwambiri. Sindine dokotala koma ku Cape Town ndakhalako zaka zambiri ndipo zomwe mwalembazo ndaziona ndi maso angawa, imeneyo ndi tik mosakaika. Dzina lake lenileni ndi methamphetamine, ena amati crystal, anzathu a ku Zimbabwe amati mutoriro kapena guka. Ku Cape Flats uko, madera ngati Mitchells Plain, Manenberg, Delft, inafala kuyambira cha m'ma 2003 ndipo mpaka pano yamaliza mabanja osawerengeka. Siyodula poyamba, nchifukwa chake olo munthu wa maganyu amaikwanitsa.

Amalawi ambiri amene ndinawaona akugweramo sanayambe chifukwa cha uchidakwa ayi, anayamba chifukwa cha ntchito. Munthu masana ali pa maganyu omanga, usiku ndi mlonda, lendi ikudikira, kumudzi akuimba foni kuti feteleza, kunja kukuzizira koopsa mu June, nde mnzake amamuuza kuti aise tayesa aka sugona komanso sumva njala. Ndipo zoona sagona, zoona samva njala, masabata oyamba amaona ngati wapeza chinsinsi. Pakatha miyezi ntchito zonse ziwiri zija zatha, wagulitsa foni, wagulitsa nsapato, akugona kwa anzake. Ambiri amaphatikizanso mapiritsi ogonetsa otchedwa mandrax osakaniza ndi chamba kuti atsike agone, nde mufunse bwino mwina si chinthu chimodzi chokha chomwe amasuta.

Amalume anuwo muwauze kuti si chamba. Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, chamba tachiona kuyambira tili ana, wosuta chamba maso amafiira, amadya kwambiri ndipo amagona. Sakhala masiku atatu ali maso akumasula wailesi. Komanso wina asakusokonezeni kuti ndi nyaope, ija muli heroin, munthu amangoodzera ali chiimire. Wa tik ndi wothamanga, timaso takuda tapakati timakula, thukuta, kuyankhula kosatha.

Chomwe ndingakuchenjezeni, akakhala kuti wasuta musalimbane naye ndipo musamugwire mokakamiza, amakhala ndi mantha enieni ndipo wamantha amatha kukuvulazani osafuna. Za anthu omutsatirazo musamutsutse mwaukali komanso musamuvomereze, mungomuuza kuti ine sindikuwamva koma ndikuona kuti ukuopa, ndili pompano. Ana muwachotsepo nthawi imeneyo. Ndipo musadalire zoti zomwe anabwera nazo zikatha asiya, zinthuzi zina zimapangidwa ku South Africa konko, zina zimalowera kugombe la Mozambique, ife tili pakati pa msewu omwewo. Maulendo a ku Lilongwe amenewo si a dilu ina ayi.

Bambo_a_Junior

Ine ndinene mosapsatira, mukumunyengerera. Zinthu zimenezo ndi zoletsedwa pansi pa Dangerous Drugs Act, tengani timapepalato mupite nato kupolisi akagone mselo aone kuti dziko lili ndi malamulo, lero ndi njinga mawa agulitsa malata omwewo. Apo ayi mutumizeni ku Mbenji akakhale mlovi, kuchilumba kuja amfumu a Makanjira salola mowa, chamba ngakhale njuga, akakakoka chilimira nyengo yonse abwera ali munthu. Amayi anuwo akuvutika ndi mtima ukalamba uno, aganizireninso iwowo.

Clinical_officer_kunyanja

Achemwali ndawerenga zonse. Ndimagwira ntchito ya chipatala mbali ya kunyanja konkuno. Ndiyambe ndi kunena kuti pa foni munthu sitingamupime. Zomwe mwafotokoza zikugwirizana kwambiri ndi methamphetamine makamaka babu lija, koma munthu woonda chonchi wochokera ku Cape Town timafunanso tione TB, HIV ndi shuga, chifukwa zimatha kuyendera limodzi ndipo kumeneko TB ndi yambiri zedi. Musangoti ndi tik basi nkusiya chifuwa chikumudya.

Mmene imagwirira ntchito ndi chonchi. Muubongo muli kemikolo yotchedwa dopamine, imatuluka pang'onopang'ono ukadya zokoma, ukalandira malipiro, ukanyamula mwana wako, ndi imene imatipatsa chilakolako chodzuka m'mawa nkukagwira khasu. Tik imaikhuthula yambiri nthawi imodzi nkutsekanso njira yoti ibwerere mosungiramo. Imatulutsanso noradrenaline, ija imatuluka munthu akakumana ndi zoopsa, mtima nkuthamanga, njala nkutha, tulo nkubalalika. Cocaine amatha msanga mthupi, pa ola limodzi theka limakhala lapita, koma iyi pakatha maola 10 mpaka 12 theka lake likadali m'magazi, nde akasutanso isanathe yoyambayo ndi pamene mumaona masiku atatu osagona aja. Mphamvu zomwe amaona ngati wapezazo ndi za katapila, thupi limadzabweza ndi chiongola dzanja, ndiko kugwa nkugona masiku awiri kuja. Akapitiriza ubongo umadziteteza pochepetsa malo olandirira dopamine, mapeto ake palibenso chimamukoma, kaya chakudya, kaya mpira, kaya mwana wake. Pofika apo sasutanso kuti asangalale, amasuta kuti angotha kudzuka. Amene amati angosiya bwanji amakhala sakudziwa zimenezi.

Ndipo nkhani yoti imathandiza pa ntchito yomwe anena achimwene pamwambapa ndi yakalekale. Mankhwalawa anapangidwa koyamba ku Japan mu 1893, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a Germany ankapatsidwa mapiritsi ake otchedwa Pervitin kuti asagone.

Chomwe ine chimandiopsa kwambiri si mano kapena zilonda zomwe mukuzionazo, ndi mtima ndi mitsempha zomwe simukuziona. Mitsempha ya magazi imafinyika, BP imakwera kwambiri, mtima umathamanga maola ambiri osapuma ndipo nthawi zina umagunda mosalongosoka. Mnyamata wa zaka 26 atha kuchita sitiroko, mtsempha kuphulika m'mutu, zomwe tinazolowera kuziona mwa agogo. Kwa amene wasuta nthawi yaitali mnofu wa mtima umafooka, mtima nkukula, muona miyendo ikutupa, akayenda pang'ono wefuwefu, akagona chagada akubanika. Zimenezi akasiya msanga nkulandira mankhwala mtima umatha kupezako bwino, akachedwa umakhala choncho.

China ndi kutentha kwa thupi. Tik imatenthetsa thupi, munthu samwa madzi, akungoyendayenda, nde muganize dzuwa la Salima mu October. Thupi likapitirira madigiri 40 minofu imayamba kuonongeka, zinyalala zake zimakatseka impso. Mukaona mkodzo wakuda kapena wochepa kwambiri, dziwani kuti impso zili pa mavuto.

Mano aja amaola pa zifukwa zingapo zophatikizana. Malovu amauma, pomwe malovu ndi amene amatsuka mkamwa, nde amamva ludzu la zotsekemera nkumangomwa Fanta ndi Sobo, kutsuka mkamwa anaiwala, kuonjezera kukukuta kuja mano amangobenthuka. Tizilombo ta pakhungu kulibe, ndi ubongo ukumunamiza, koma zilondazo ndi zenizeni ndipo zimachedwa kupola chifukwa magazi safika bwino pakhungu komanso sakudya. Mumuwenge zikhadabo, zilonda azitsuka ndi sopo ndi madzi oyera, masingano ndi malezala mubise. Chikatupa nkuchita mafinya kapena akatentha thupi, ndi za kuchipatala zimenezo.

Zomva mawu ndi kuona ngati akutsatidwa ndi misala yobwera ndi mankhwalawa pamodzi ndi kusagona. Kwa ambiri imazilala pakatha masiku angapo kapena sabata munthu akasiya nkugona bwino, kwa ena imakhala miyezi, ndipo akangosutanso imabwerera mwachangu kuposa poyamba. Amayi muwafotokozere mwaulemu, iwo akufuna mwana wao achire ngati inu nomwe, koma mankhwala osanzitsa ndi otsegula m'mimba kwa munthu wouma kale mthupi, mtima ukuthamanga, atha kumutsiriza.

Mukaona izi musadikire kuti kuche, pezani galimoto kapena njinga yamoto: kupweteka pachifuwa, mutu waukulu wadzidzidzi, kukamwa kupindika kapena mkono kufooka mbali imodzi, lilime kulemera, kukomoka ndi kugwedezeka, thupi kutentha kwambiri ali wosokonezeka. Panjira muzimuthira madzi ndi kumukupiza.

Bambo a Junior, ndikumva kuwawa kwanu pa za amayi koma mselo mulibe wopima BP, ndipo akatuluka chilakolako chimakhala chikumudikira pa geti. Wofunika apolisi ndi wogulitsa. Za ku Mbenji, malamulo a kumeneko ndi abwino ndithu koma munthu amene wangosiya kumene amakhala wofooka, watulo, wosweka mtima, ameneyo simumuika pa bwato usiku pakati pa nyanja. Mwina patsogolo akalimba. Kumumanga nde ayi, wotentha thupi akamalimbana ndi chingwe ndi pamene minofu ndi impso zimaonongeka, anthu amafa nazo.

Poyambira ndi pa chipatala cha boma cha Salima pompo, mukafunse namwino kapena clinical officer woona za matenda a maganizo, ndipo mukanene zoona zonse, ife sitiitana apolisi munthu akabwera kudzafuna thandizo. Zikafunika za uphungu wautali wa anthu osiya mankhwala, a St John of God ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amagwira ntchito imeneyi, ndipo misala ikakula kuli Zomba Mental Hospital.

Nachisale_Salima

Zikomo nonse, adokotala ndawerenga mobwereza ndipo zina ndawawerengera amalume, za chingwe zija azisiya. Panopa ali mu nthawi yogona ija, wangodzuka kudya nkugonanso, sakuyankhulanso za anthu omutsatira. Amayi asangalala ati mapemphero ayankhidwa tisamuvutitsenso ndi zipatala. Ine ndikuona ngati wangoti ndwii, dzulo anakhala pakhonde misozi ikungotsika osanena kanthu, mwana wake atabwera kudzamukhalira pamwendo sanamuyang'ane nkomwe. Kodi uku ndi kuchira? Komanso pali munthu wina wa pa Kamuzu Road akuti ali ndi mankhwala a zitsamba ochapa magazi, ena akuti akangomuika dilipi zonse zituluka, zoona zimenezi? Ndipo alamu anga nditani nawo, akuopa kugona naye nyumba imodzi chifukwa masiku aja ankawanena kuti akuyenda ndi amuna amene akumusakawo.

Mlovi_Chipoka

Achemwali ine ndinadutsamo, ndinasuta zimenezi ndili ku Joni ndipo pano ndinasiya, ndili kumudzi ndikugwira ntchito ya panyanja. Ndikuuzeni za mkati zomwe adokotala amaziona kunja.

Kumeneko si kuchira ayi, nthawi imene ali pano ndi imene ili yowawitsa kuposa zonse. Ukakhala wasuta anthu amakuopa koma iwe sumva kanthu. Ukatsika ndi pamene zonse zimabwera pamodzi, umakumbuka njinga ya amalume, umakumbuka zomwe unawanena akazi ako, umaona anzako amene munapitira limodzi amanga nyumba iwe wabwera ndi chikwama chokha, ukadziyang'ana pagalasi mano mulibe, ndipo mumtima mulibe olo kachimwemwe kakang'ono koti ugwirepo. Mwana uja sikuti sakumufuna, akulephera kumva chilichonse ndipo zimenezo zikumuopsa iye mwini. Ine maganizo odzipha anandibwerera nthawi imeneyo, osati nthawi yolusa ija. Nde pamene amayi akuti wachira ndi pamene mukuyenera kukhala naye pafupi kwambiri. Ndipo mutu umakuuza kuti mankhwala a ululu onsewu ukuwadziwa, kamodzi kokha basi. Akakuuzani kuti ndikufuna ya thiransipoti ndikaone ntchito ku Lilongwe, ndi chilakolako chikuyankhula.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri musiyeni agone, adye chilichonse chomwe chilipo, phala la mtedza, usipa, mpunga, nthochi, madzi ambiri. Musamuitanire bwalo la achibale kuti amuweruze panopa, manyazi ali nawo kale okwanira ndipo manyazi ndi amene amabwezera munthu ku babu. Nkhani ya njinga idzakambidwa, siithawa.

Zomwe zinandithandiza ine, achimwene anga anatenga simu yanga nkuithyola ine ndikuona, tinagwirizana, chifukwa manambala onse a anthu aja anali mmenemo. Ndalama sindinkagwira, ndikagwira ganyu amalandira ndi iwo nkumandigulira zomwe ndikufuna, zinkandipweteka koma zinandipulumutsa. Mowa ndinasiya nawonso chifukwa ukangomwa mabotolo awiri nzeru zokana zija zimathawa. Ndipo kukhala chabe ndi mdani, ndinayamba ndi kusoka maukonde pagombe ndi madala ena, ntchito ya manja yoti uli pakati pa anthu, panyanja ndinalowa patapita nthawi ndithu. Kwanuko kuli minda ya mpunga, akayamba kulimba azipita ndi amalume olo kukangoingitsa mbalame.

Zoterereka nkusutanso zimachitika, musadzataye mtima nkunena kuti zonse zapita pachabe. Ine ndinatererekapo ndipo amene anandibweza ndi oti sanandithamangitse koma sanandipatsenso ndalama. Panatenga miyezi yambiri kuti nsima iyambenso kukoma ndi kuti ndiseke kuchokera pansi pa mtima, kuiwalaiwala nako kunatenga nthawi. Mano anayi anachotsa, amenewo sabwerera. Za mapemphero musawaletse amayi, ine amayi anga ankandipempherera usiku ulionse ndipo zinkandilimbitsa, koma ankandiperekezanso kuchipatala. Ziwirizi sizilimbana.

Clinical_officer_kunyanja

Achimwene a ku Chipoka anena zoona zokhazokha, zikomo polimba mtima kulemba. Achemwali, sabata yoyamba mpaka masiku 10 ndi pamene kutsikaku kumakhala kolemera, kenako kumapepuka pang'onopang'ono koma chilakolako ndi kusakondwa zimatha kukhala miyezi. Mumufunse maso ndi maso, mofatsa, kuti kodi ukuganiza zodzipha? Kufunsa sikumupatsa maganizowo, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akati eya, lomwelo kuchipatala. Ndipo lero lomwe chotsani mnyumba tameki, mankhwala a mbewu ndi a thonje, mapiritsi osungidwa ndi zingwe, mukasungitse kwa aneba. Usiku asagone yekha.

Za kuchapa magazi musataye ndalama zanu. Mankhwalawa amachoka okha mthupi pakatha masiku ochepa, olo poyeza mkodzo nthawi zambiri saonekanso pakadutsa masiku 3 kapena 4. Vuto silili m'magazi, lili mu ubongo umene unasintha, ndipo dilipi timaika munthu akauma mthupi basi. Komanso mpaka pano kulibe piritsi lovomerezeka lothetsa chilakolako cha methamphetamine mmene ilili methadone kwa a heroin. Timatha kupereka haloperidol pa misala kapena diazepam kwa masiku ochepa kuti akhazikike, koma zimenezi apereke ndi achipatala, musakagule pamsika. Chomwe chimagwira ntchito ndi uphungu wobwerezabwereza ndi njira yopatsa munthu kamphatso nthawi iliyonse akapezeka kuti sanasute, imeneyi ndi imene yaonetsa zotsatira zabwino kuposa zina. Kunyumba mutha kutengerako, sabata ikatha bwino mumugulire kanthu kooneka, malaya, nsapato, nkumuuza chifukwa chake, osati ndalama m'manja. Ubongo umabwerera ndithu koma mochedwa, kusintha kwenikweni kumaoneka pakatha chaka kapena kupitirira osasuta.

Alamu anuwo mantha ao ndi omveka, nsanje yopanda umboni imeneyo ndi mbali ya misala yomweyi ndipo imatha kufika pa nkhanza. Ngati akuopa apite kaye kwao ndi mwana, wina asawanene kuti athawa banja, ndipo akaopsezedwa kapena kumenyedwa kupolisi kuli Victim Support Unit. Chinanso chovuta kukamba ndi mlongo koma chofunika, tik imakweza chilakolako cha kugonana nkuchotsa kusamala, nde onse awiri akayezetse HIV ndi matenda ena opatsirana, agwiritse makondomu mpaka zotsatira zidziwike, ndipo alamu atha kufunsa za PrEP, mankhwala oteteza kuti asatenge HIV. Ngati anabayapo jakisoni anene, timayezanso chiwindi. Akapezeka kuti ali pa ma ARV kapena akuyenera kuyamba, wopereka mankhwala adziwe za tik yi, chifukwa ena okhala ndi ritonavir amapangitsa kuti ichuluke m'magazi mpaka kufika poopsa.

Mumati tiyambire pati. Kodi mano aja sakumupweteka? Ambiri amakana za mentolo koma dzino amavomera.

Nachisale_Salima

Adokotala dzino nde akulira nalo usiku onse, lakumanzere tsaya latupa. Ndamufunsa madzulo ano ngati tingapite ku boma mawa ndipo wavomera, ndamuuziratu kuti tikakafika ndikufuna akamupimenso BP ndi chifuwa komanso tikaonane ndi a zamaganizo, sindinafune kumupusitsa. Anakhala chete nthawi yaitali kenako anati bola usakandisiye ku Zomba. Funso lija ndamufunsanso, anati nthawi zina zimabwera. Tameki ndi mankhwala a thonje amalume apititsa kwa aneba, ndipo agona naye ndi iwowo usiku uno. Alamu apita kwa makolo ao ndi mwana. Amayi akuti nawonso abwera nafe.

Mlovi_Chipoka

Mwachita bwino osamunamiza, ukanamizidwa kamodzi sukhulupiriranso aliyense pakhomopo. Mulawire m'mamawa dzuwa lisanakwere, adye kaye phala ndipo mutenge botolo la madzi ndi buku lake la kuchipatala ngati lilipo. Pa mzere musamusiye yekha olo akati ndikupita kuchimbudzi, amalume amuperekeze, kudikira kumatopetsa ndipo mtima wothawa umabwera pompo. Ndalama ya thiransipoti musunge ndi inu. Akakayamba kufotokoza kwa adokotala inu ndi amayi mutuluke pang'ono, pali zina sangazinene mlongo wake ndi mayi ake ali pomwepo, mukalowanso nde munene zomwe mwaziona inuyo kuphatikizapo yankho lomwe wakupatsani madzulo ano. Ndipo musachokeko osafunsa tsiku lobwereranso.